Mpando Wakumbuyo wa Namondwe

Lamlungu lililonse Selinah ankatuluka m'nyumba ya abwana ake ku Dubai Silicon Oasis cha m'ma seveni, ana awiri amene ankawalera asanadzuke n'kuyamba kumukakamira miyendo. Ankakwera basi, kenako sitima ya Metro, n'kukatsikira ku Deira, kumene mwamuna wake, Edwin Matewere, ankagona m'fulati imodzi ndi amuna ena asanu ndi awiri, aliyense kabedi kake kuseri kwa katani. Tsiku lopuma linali lokhalo pa sabata yonse. Amayi anzake a ku Malawi ankalithera kutchalitchi, akaweruka n'kumakalukana tsitsi kwinaku akuseka zochita za mabwana awo. Iye nthawi zambiri ankangolawa mapemphero n'kuthamangira kukaima padzuwa, atanyamula chikwama ndi foni ya mwamuna wake, khosi litauma ndi kuyang'ana kumwamba.

Edwin anali ndi nthenda ya rola kosita, kasitima kaja ka m'mapaki a zisangalalo kamene kamathamanga pa njanji zopindikapindika, kukwera kumitambo, kutembenuza anthu chadodolido, n'kuwabweza pamene kanawatenga. Selinah akafika ku Deira ankapeza mkangano utapsa kale kukhitchini.

"Mpando wakutsogolo ndi wa alendo obwera kudzajambula zithunzi," Edwin ankatero, supuni ili m'manja ngati ndodo ya mphunzitsi. "Kutsogolo umangoona. Kumbuyo ndiye umamva. Chikamatsika, wakumbuyo chimamukwapula ngati nsonga ya chikoti, thupi n'kuchoka pampando, matumbo n'kukwera kudzapereka moni kukhosi. Chimenecho ndiye timapitira."

"Akulu, mwayamba kukalamba," ankayankha Rodney, bambo wa ku Ndirande wogulitsa mafoni, amene ankalimbana ndi Edwin pa chilichonse. "Kutsogolo mphepo imakumenya mpaka masaya kukupiza. Imfa umaiona ikubwera, maso ndi maso. Kumbuyo mumabisala kuseri kwa mitu ya anzanu."

"Iwe wakwerapo zingati?"

Funso limenelo linkatseka pakamwa aliyense, chifukwa palibe amene anakwera zambiri kuposa Edwin. Maganizo ake anali lamulo m'gulu lawo la pa foni, mmene munali Amalawi, anthu a ku Zambia, Mkenya mmodzi ndi Afilipino awiri. Iye ndiye anagamula kuti mapaki a m'nyumba zozizira ndi a makanda ndi apongozi. Iye ndiye ananena kuti rola kosita yotchuka ndi liwiro ya ku Abu Dhabi ndi yachabe, poti liwiro lokha ngakhale wamisala wa pamsewu ali nalo. Ankati rola kosita yeniyeni ndi imene imakukweza pang'onopang'ono ndi tcheni, gwede gwede gwede, kukupatsa nthawi yolapa machimo. Zongokuponya ngati mwala wa legeni zilibe ulemu. Chilichonse ankachipatsa malikisi pa teni, ndipo anzakewo ankamutcha Profesa.

Selinah anakwerako kamodzi kokha. Atatsika anasanza tiyi wa m'mawa pamaso pa azungu, n'kulumbira kuti zimenezo n'zoyesa Mulungu. Komabe sankamuletsa mwamuna wake, chifukwa ankadziwa kumene njala imeneyi inkachokera. Masiku asanu ndi limodzi pa sabata Edwin ankayendetsa basi yonyamula anthu ochapa zovala za m'mahotela. Akangopondako mafuta pang'ono, kachipangizo ka kampani kankalira kumudzudzula. Palibe ankamutchula dzina. Anali "dalaivala, yalla" basi, kutanthauza kuti fulumira. Munthu amene sabata yonse amauzidwa poima ndi pokhota, ukamulanda kanthu kamodzi kamene anthu amamumvera, watsala ndi chiyani? Choncho Selinah ankameza mawu, n'kumajambula mavidiyo.

Zinayamba mu Januwale. Edwin anadandaula kuti m'diso lakumanzere mukuuluka tintchentche takuda, ndipo nthawi zina mukung'anima ngati mphezi ya mvula yakutali. Selinah anachonderera madamu ake kuti amulole Lachiwiri lina, namuperekeza kuchipatala. Dokotala wake anali mayi wa ku Kerala, ku India, wolankhula mofatsa. Anajambula diso papepala.

"Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kamene kamagwira kuwala," anatero. "Kanu kang'ambika, ndipo kayamba kumatuka ngati pepala lonyowa pakhoma. Mwabwera nthawi yabwino. Tikamata."

Anakamatadi mawa lake. Powatulutsa, dokotala anawerenga malamulo: masabata asanu ndi limodzi osanyamula zolemera, osathamanga, osagwedeza mutu, osayendetsa basi.

"Nanga rola kosita, adokotala?" anafunsa Selinah.

Edwin anamuponda phazi pansi pa tebulo. Dokotala anaseka poyesa ndi nthabwala, koma ataona nkhope ya Selinah kuseka kunamuthera.

"Bambo, ngati diso ili mukulifuna, musayandikire n'komwe. Ngakhale masabatawo akatha, mubwere kaye ndilione."

"Ndamva, adokotala," anatero Edwin, mwaulemu ngati mwana wa sukulu ya Sande.

Tsoka lake, panali rola kosita yatsopano imene inkamangidwa m'paki ina ya m'mbali mwa msewu wopita ku Abu Dhabi. Zaka ziwiri zathunthu Edwin ankaitsatira, kujambula zitsulo zake kudzera m'mipata ya mpanda, kulosera kuti njanji ikhotera kuti. Dzina loti Namondwe, limene gulu lonse linkaitchula, anaipatsa ndi iye. Ndipo Namondweyo anatsegulidwa sabata yachitatu Edwin ali chigonere pakabedi kake ku Deira, akudontheza mankhwala m'diso.

Rodney anakwera tsiku loyamba lomwelo. Selinah anamva uthenga wake akusita malaya a abwana, chifukwa nayenso anali m'gululo monga wojambula.

"Teni pa teni! Abale, zonse tinakwera kale zija zinali njinga za kabaza. Profesa apume, habibi, wokondedwa wathu, nthawi yawo yatha. Tawasungira malo pa timahatchi tozungulira tija ta ana."

Pansi pake panadzaza zithunzi za nkhope zoseka. Selinah anaimika simbi. Anamuimbira mwamuna wake nthawi yomweyo.

"Bambo a Faith, musamvere zimenezo. Ndi macheza chabe."

"Ine? Kumvera Rodney? Munthu woti amapatsa teni chilichonse chomuchititsa chizungulire?" Edwin anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma ngati chikonyo.

Lamlungu lotsatira anamupeza atavala kale, magalasi akuda ali kumaso.

"Tiye tikangochiona, Seli. Kuona kokha. Munthu ndaola m'nyumba muno. Adokotala analetsa kukwera, sanaletse kuyenda."

"Mulumbire."

"Ndilumbire chiyani ngati ndaba? Ndine mwana ine?"

Anapita. Kunali kozizirira bwino, kumwamba kuli mbee, anthu ali piringupiringu. Namondwe ankaonekera kutali, chitsulo chabuluu chotalika kuposa chilichonse m'pakimo, ndipo kukuwa kwa okwera kunkabwera ndi mphepo n'kumapita. Edwin anaima chilili, kukamwa kuli yasa. Kenako miyendo yake inayamba yokha kulowera kugeti.

Pagetipo panaima Kasuba, mayi wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito yolowetsa anthu, ndipo ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi Selinah. Anatambasula mkono.

"Ba Edwin, imwe si munachita opaleshoni ya diso? Tinakupemphelelani ku tchalitchi. Onani chikwangwani ichi, chikamba za imwe."

"Linapola kalekale, chemwali. Kanali kanthu kakang'ono."

"Silinapole," anatero Selinah, ndipo aka kanali koyamba kumutsutsa mwamuna wake pagulu. "Papita masabata atatu okha. Adokotala analetsa."

Edwin anamuyang'ana ndi diso labwinolo ngati amumeze. Anthu a pamzere anayamba kucheuka.

"Diso ni lanu, koma geti ni yanga," anatero Kasuba. "Olo mukalipe, sinizakuvomelani. Khalas, nkhani yatha. Mubwele mukapola, nizakuikani neka kumbuyo kwamene mukonda."

Selinah ankayembekezera mkuntho, koma Edwin anangoseka, nakweza manja ngati wagonja. Anamutengera mkazi wake pabenchi ya pamthunzi, namugulira ayisikirimu, n'kuyamba kukamba za Faith, mwana wawo wamkazi amene anali Fomu Thuu ku Kasungu, akusungidwa ndi azakhali ake. Anakamba za tsiku limene adzabwerere kwawo onse awiri, kontirakiti ya Selinah ikatha. Mtima wa Selinah unatsika. Anaganiza kuti mwina manyazi a pageti aja amugwira. Sanadziwe kuti diso labwino lija linali pa Kasuba nthawi yonseyo.

Itakwana wani koloko, Kasuba anavula chipewa chake napita kukadya, pageti n'kuimapo munthu wina wosawadziwa.

"Ndikupita kuchimbudzi," anatero Edwin. "Tandigwirira."

Anamusiyira foni m'manja. Patapita mphindi zingapo Selinah anaiyang'ana, n'kuona kuti inali itatsegulidwa kale pa kamera.

Anathamanga, chikwama chikumumenya m'chiuno. Pageti anauza wantchito uja m'Chingelezi chodukaduka ndi phuma kuti mwamuna wake ndi wodwala, amutulutse. Munthuyo anamvetsa, nayamba kulankhula pa wailesi yake, kufunsa dzina ndi mtundu wa malaya. Koma Edwin anali atadutsira njira yachidule ya okwera okhaokha opanda anzawo, ndipo mawuwo asanafike mkati, tcheni chinali chitayamba kale kulira. Selinah anakweza maso. Kasitima kankakwera pang'onopang'ono, ndipo pampando wotsiriza penipeni panali malaya achikasu amene iye mwini anawasita.

"Bambo a Faith!"

Mawu ake anamira m'phokoso. Kasitima kanafika pansonga, kanaima kamphindi ngati kakuganiza, kenako kanagwa. Selinah sanajambule. Anagwira chitsulo cha mpanda ndi manja onse awiri, akuona malaya achikasu aja akutembenuzika, kuzimirira, kutulukira kwina, manja a mwini wake ali m'mwamba. Sizinathe ngakhale mphindi ziwiri.

Edwin anatuluka akuyenda monyang'wa ngati tambala wopambana ndewu. Anatsomphola foni m'manja mwa mkazi wake, osamuyang'ana n'komwe, nayamba kulankhula ndi gulu.

"Abale, Profesa wakwera. Kumbuyo. Kutsika koyamba kulipo, sindikana. Koma pakati chimagwedeza mutu ngati minibasi pamsewu wafumbi, ndipo kumapeto chimafooka ngati nkhalamba pachitunda. Sikisi pa teni. Amene wapereka teni akayambirenso sukulu."

Atatumiza anatembenuka, natsitsa magalasi.

"Waona? Ndikukuona bwinobwino, mpaka ndolo zako. Madokotala ntchito yawo ndi kuopseza anthu."

Ulendo wonse wobwerera Selinah ankapemphera chamumtima kuti Mulungu amene amasunga zidakwa pamsewu asungenso chitsiru chakechi. Lolemba linadutsa bwino. Lachiwiri Edwin anamutumizira chithunzi akuwerenga nyuzi ndi diso lodwalalo. Lachitatu Selinah anayamba kukhulupirira kuti apulumuka.

Lachinayi m'mawa, akuyanika zovala pakhonde, foni inalira.

"Seli." Mawu ake anali aang'ono, osakhala a Profesa. "Kukutsika chinsalu chakuda. Chayambira pamwamba. Ndikatseka lakumanja ndikungoona miyendo ya anthu."

Madamu anapumira m'mwamba atamva kuti akupemphanso kuchoka. "Kachiwirinso? Pofika folo ukhale utabwera, ana akuweruka." Selinah anathokoza, nathamangira takisi ali ndi patapata wa m'nyumba.

Dokotala uja anayang'ana m'disomo nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangofunsa ngati panachitika chilichonse chogwedeza mutu.

"Ayi, adokotala, ndimangokhala pakhomo," anatero Edwin.

"Anakwera," anatero Selinah. "Lamlungu."

Dokotala anaika cholembera chake pansi. "Sindingalumbire kuti ndi chimenecho chokha. Nthawi zina kansaluka kamamatukanso pakokha. Koma bala linali laliwisi, bambo, ndipo ndinakuuzani. Ulendo uno kamatuka mpaka pakati, pamene munthu amaonera. Tiyesetsa."

Anayesetsadi. Anamuchita opaleshoni yachiwiri, kenako yachitatu. Masiku ambiri Edwin anagona chafufumimba monga anamulamulira, nkhope ili pansi, ndipo tsopano ankamvera lamulo lililonse mpaka kakang'ono komwe. Koma madzi anali atatayika kale. Diso lija linangotsala losiyanitsa usana ndi mdima, ngati munthu woyang'anira m'thumba lonyowa.

A m'gulu anabwera kamodzi kudzamuzonda kuchipatala. Rodney anatsogolera, atanyamula juwisi ndi nkhope ya pamaliro. Anapepesa, anati inshallah, Mulungu akalola, zikhala bwino. Koma tiyi asanazizire n'komwe, Mkenya uja anatchula Namondwe, ndipo mkangano unabuka pamwamba pa bedi la wodwala.

"Koma akulu, kunena zoona, sikisi munachepetsa," anatero Rodney. "Mwina poti munakwera ndi diso limodzi."

Selinah anadikira kuti mwamuna wake awathamangitse. M'malo mwake anamva mawu akuchokera pansi pa pilo: "Sikisi ndi sikisi. Pakati paja chimagwedeza."

Selinah anatuluka, nakaima pakhonde la chipatala, nalira mosatulutsa mawu, chifukwa ngakhale kulira m'dziko la eni kumafuna malo ake.

Zotsatira zake zinabwera mwadongosolo, monga zimachitikira zinthu ku Dubai, popanda wokweza mawu. Edwin anakayezetsa maso kuti abwerere pa basi, ndipo analephera. Kampani inati ilibe ntchito ina yomupatsa. Viza yake inathetsedwa. Anayendayenda m'maofesi kufunsa ya ulonda, ya m'sitolo, ya kunyamula katundu, koma kulikonse kunali anthu a maso awiri atafola kale. Masiku amene boma limapereka kuti munthu apeze pogwira anatha ngati mchere m'madzi. M'gulu muja mauthenga sanaleke. Anthu anali atayamba kukangana za paki ina, ndipo Rodney ndiye ankagamula.

Tsiku loti Edwin abwerere ku Malawi linali Lamlungu masana. Selinah anamuperekeza ku bwalo la ndege, akukankha ngolo ya masutikesi awiri. M'sutikesi imodzi anaikamo nsapato ndi diresi la Faith. Anaima pafupi ndi polowera apaulendo okhaokha, anthu akuwadutsa mbali zonse.

Edwin anakhala nthawi akutembenuzatembenuza pasipoti m'manja. Kenako anati, "Ukanandigwira mwamphamvu tsiku lija, Seli. Iwe umandidziwa mmene ndilili. Sukanandilola kuchoka pabenchi paja."

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati Selinah anali asanamuyankhepo mwamuna wake mokweza, ndipo ngakhale tsikulo sanakweze mawu.

"Ndikanakugwirani ndi chiyani, bambo a Faith? Ndi unyolo? Ndinafunsa adokotala pamaso panu, munandiponda phazi. Ndinakuchititsani manyazi pageti, munandigulira ayisikirimu. Munanditchulira mwana wanga kuti ndigone tulo. Dzulo ndasaina kontirakiti ina. Zaka ziwiri. Ndimayenera kupita kwathu Disembala uno, ndikamuone Faith asanakhale mayi ndili kuno. Tsopano adzalemba mayeso ake ine ndikusambitsa ana a eni. Mukafika mukamuuze nokha chifukwa chake. Ine sindimuuza."

Edwin anagwira ngolo ija nayamba kukankha. Asanapite patali anagunda mayi wina amene ankachokera kumanzere kwake, mbali imene kwa iye kunalibenso dziko. Anapepesa, nawerama kutola chikwama cha mayiyo, n'kupitiriza ulendo mutu ataupendeketsa kuti diso lotsalalo limutsogolere. Selinah anamuyang'ana mpaka khamu la anthu linamumeza. Mtima unkafuna kumuthamangira, koma sanasunthe.

Anakwera Metro yobwerera dzuwa likadali pamutu. Anali ndi theka la tsiku lopuma m'manja mwake, loyamba m'zaka zambiri lopanda womuuza kopita, ndipo sanadziwe chochita nalo. Anatsika, nakwera basi ya ku Silicon Oasis, nakalowa m'nyumba ya eni nthawi isanakwane. Madamu anadabwa, kenako anamupatsa mwana woti amugoneke.

Munthu wochenjezedwa amaona ngati omuchenjezawo akumuchitira nsanje pa chimwemwe chake, ndipo tsiku likafika salira yekha. Amalira ndi onse amene anamuuza. Paja mtsinje wa Tinkanena unakathera mu Siizi.